Sikelo ya azakhali: wodwala mtima adayamba liti kusenzetsedwa ntchito ya dokotala?

Tchuthi chapitachi ndinaperekeza azakhali anga kuchipatala, ulendo wachitatu m'miyezi isanu. Miyendo inali itatupanso mpaka m'mawondo, moti ukadina ndi chala pamsongolo pankatsala kadzenje kochedwa kubwerera. Usiku ankachezera kukhala tsonga atatsamira thumba la chimanga, chifukwa akangoti agone phuma linkawapeza. Dzina la matendawa lidalembedwa kale m'kabuku kawo ka kuchipatala ndi zilembo zitatu, CCF. Tanthauzo lake n'lakuti mtima wafooka: ukugunda ndithu, koma sukupopa magazi mokwanira, ndiye madzi amadikha m'miyendo, m'mimba ndi m'mapapo.

Amene anatithandiza tsikulo anali atatopa, mzere unali wautali, ndipo sindikuwaimba mlandu. Koma mawu awo sanandichoke m'mutu. Anati, "Mayi, vuto lanu simudzisamalira. Tinakuuzani kuti muchepetse mchere, muzimwa mankhwala tsiku lililonse, muzikwera sikelo m'mawa uliwonse. Mwachitapo chiyani?" Azakhali anangopinda manja n'kuti, "Pepani adokotala." Titatuluka pageti m'pamene anandicheukira. "Iwe wa kuyunivesite, tandiuza, sikelo imeneyi ndikayipeza kuti? Kusikelo kumapita makanda ndi amayi oyembekezera. Ine msinkhu uno ndikakhale pamzere wa phala?"

Ine ndimaphunzira mbiri, osati udokotala, choncho funso limene linandigwira linali la mbiri. Malamulo atatu aja, a mchere, mapilitsi ndi sikelo, adachokera kuti? Adawalemba ndani, ndipo pomwe ankalemba ankaganiza za nyumba ya yani?

Kalekale kutupa kotereku kunkaonedwa ngati matenda paokha, osati chizindikiro cha mtima kapena impso. Azungu ankati dropsy. Amene amawerenga Buku Lopatulika akumbukira munthu wambulu wa pa Luka 14. Madokotala a ku Ulaya ankangolimbana ndi madziwo: kuchotsa magazi, kutsegula m'mimba ndi mankhwala, kapena kuboola khungu kuti madzi akhe. Samuel Johnson, amene adalemba dikishonale yotchuka ya Chingerezi ya 1755, adadwala mbulu kumapeto kwa moyo wake ku London. Dokotala adamutema m'miyendo kuti madzi atuluke, koma Johnson adaona kuti akumutema mwamantha. Kenako adatenga sizasi n'kudzibaya m'akatumba mozama. Kudatuluka magazi ambiri kuposa madzi, ndipo adamwalira pa 13 Disembala 1784. Ndikawerenga nkhaniyi ndimaona kuti kudzisamalira kwa nthawi imeneyo kunkathera pomwepo: munthu wophunzira kuposa anzake onse mu mzinda, ali ndi sizasi m'manja.

Patangopita miyezi yochepa, mu 1785, dokotala wa ku Birmingham dzina lake William Withering adatulutsa buku lonena za duwa lotchedwa foxglove. Zaka khumi m'mbuyomo, mu 1775, adafunsidwa maganizo ake pa mankhwala a zitsamba amene mayi wina wokalamba wa ku Shropshire ankachizira mbulu, nthawi zina ngakhale anthu amene madokotala adawalephera. Mankhwalawo anali osakaniza zitsamba zoposa 20, ndipo Withering, poti ankadziwa bwino za zomera, adazindikira kuti mphamvu ili mu foxglove. Adatha zaka khumi akuyesa: nthawi yothyola masamba, kayanikidwe, kaperedwe, ndi mlingo. Adalemba za odwala 163, osabisa amene adamwalira. Oyamba kulandira mankhwalawa ambiri anali amphawi amene ankabwera kwa iye kudzalandira uphungu waulere. Adapeza kuti mlingo ukapitirira pang'ono munthu amasanza, amaona zinthu zachikasu kapena zobiriwira, ndipo mtima umagunda pang'onopang'ono mpaka kuima. Digoxin amene ena amamwa lero adachokera m'banja la duwa lomweli. Adamupatula koyamba mu 1930.

Pali kanthu kena pankhani ya mayi wa ku Shropshire uja. Mabuku ambiri amamutchula kuti Mother Hutton, koma Withering sadatchule dzina lililonse. Dzinali lidapekedwa mu 1928 pa chithunzi chotsatsira malonda cha kampani ya mankhwala ya Parke-Davis. Mayi weniweniyo, amene nzeru zake zidatsegula njira, sitimudziwa. Koma chimene chikundikhudza kwambiri n'chakuti kuchokera apa chisamaliro chidachoka m'manja mwa anthu a m'mudzi n'kupita m'manja mwa dokotala, ndipo panali chifukwa chomveka: pakati pa mlingo wochiza ndi mlingo wopha panali kampata kochepa zedi. Wodwala ntchito yake inali kugona, kumeza, ndi kudikira.

Zidakhala choncho kwa zaka zoposa 150. Mu 1866 Philipp Karell, dokotala wa mfumu ya ku Russia, adafalitsa njira yopatsa odwala mkaka wokhawokha, kanayi patsiku, osadya china chilichonse. Mu 1877 Reginald Southey wa ku London adakonza timachubu tasiliva tolowetsa m'miyendo yotupa kuti madzi azidontha. Mu 1919 ku Vienna wophunzira udokotala, Alfred Vogl, adaona kuti wodwala chindoko amene ankabayidwa jekeseni ya mankhwala okhala ndi mercury ankakodza kwambiri. Adazindikira izi chifukwa anamwino ankalemba mosamala kuchuluka kwa mkodzo wa wodwala aliyense. Apa m'pamene padachokera mankhwala oyamba amphamvu okodzetsa, ndipo kwa zaka pafupifupi 40 wodwala mtima ankayenera kupita kukabayitsa. M'zonsezi woyeza, wowerenga ndi wolemba anali namwino kapena dokotala. Kukanakhala kulakwa, kukanakhala kwa iwo.

Mchere ndi umene udayamba kulowetsa wodwala m'ntchitoyi. Mu 1903 ku Paris, Fernand Widal ndi Adolphe Javal adaonetsa kuti wodwala impso akamupatsa mchere amatupa n'kulemera, akamuchotsera kutupa kumaphwa. Mchere umakoka madzi, ndipo thupi la munthu amene mtima kapena impso zake zafooka limalephera kuutulutsa. Amene adatengera mfundoyi patali kwambiri anali Walter Kempner, wothawa ku Germany ya Hitler amene adakagwira ntchito pa Duke University ku America. Kuyambira mu 1939 ankadyetsa odwala BP ndi impso mpunga wopanda mchere, zipatso ndi shuga basi, kwa miyezi. Ambiri BP inkatsika ndipo mtima wotupa unkabwerera. Koma chakudyachi chinali chosautsa, moti odwala ankasamukira ku Durham n'kumakhala m'nyumba zapadera kuti aziyang'aniridwa, mkodzo wawo n'kumayezedwa kuti aone ngati aba mchere. Pa mlandu wina wa m'zaka za m'ma 1990, Kempner adavomera kuti ankakwapula odwala ena amene aphwanya malamulo a kadyedwe. Ndikuona kuti mawu akuti wodwala wosamvera adakula limodzi ndi lamulo la mchere. Taonaninso kuti ngakhale munthu wokhala ndi mpunga wophikiridwa, namwino pafupi ndi chikwapu kumbuyo, ankalepherabe.

Kusintha kwenikweni kudabwera ndi piritsi. Chlorothiazide adayamba kugulitsidwa mu 1958, ndipo furosemide, uyu ambiri timamudziwa kuti Lasix, adafika mu 1964. Tsopano wodwala ankatha kuchotsa madzi m'thupi ali kunyumba kwake. Kenako mankhwala adachuluka. Kafukufuku wa CONSENSUS wa mu 1987, pa odwala 253 a m'maiko a kumpoto kwa Ulaya, adaonetsa kuti enalapril adachepetsa imfa ndi 40 peresenti m'miyezi isanu ndi umodzi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kudawonjezeka spironolactone ndi gulu la mankhwala ochepetsa liwiro la mtima. Anthu adayamba kukhala zaka zambiri ndi mtima wofooka, ndipo zaka zimenezi ankakhalira kunyumba, osati muwodi. Ntchito zonse zimene namwino wa ku Vienna ankagwira, kuyeza, kulemba, kukumbukira nthawi ya mankhwala, kuzindikira kuti zinthu zayamba kuipa, zidatsatira wodwala kunyumba. Dorothea Orem, namwino wa ku America, adaika maganizo a kudzisamalira m'buku lake la 1971, ndipo m'kupita kwa nthawi malangizo adakhazikika: dziyezeni m'mawa uliwonse mukachoka kokodza, ndipo mukalemera ndi makilogalamu oposa 2 m'masiku atatu, dziwitsani achipatala, chifukwa amenewo ndi madzi, si mafuta.

Langizo limeneli ndi labwino, ndipo sindikulitsutsa. Koma liwerengeninso pang'onopang'ono. Likuganiza kuti m'nyumba muli sikelo, muli foni, ndipo kumbali inayo kuli munthu woyankha foniyo.

Kafukufuku amene adachititsa dziko kukhulupirira kuti kuphunzitsa wodwala mtima kumathandiza adatuluka mu 1995. Michael Rich ndi anzake ku St. Louis adatenga odwala 282 a zaka 70 kupita m'tsogolo. Theka adalandira chisamaliro cha masiku onse. Theka linalo adaphunzitsidwa ndi namwino pamodzi ndi abale awo, katswiri wa zakudya adawakonzera kadyedwe, dokotala adaunikanso mankhwala awo kuti asachuluke mopanda chifukwa, ogwira ntchito zothandiza anthu adakonza za kutuluka kwawo, ndipo atafika kunyumba ankayenderedwa ndi kuimbiridwa foni. M'masiku 90, kugonekedwanso chifukwa cha mtima kudatsika ndi 56 peresenti. Nditawerenga izi ndinaseka ndekha mulaibulale. Chimene timachitcha kudzisamalira, pamene chidatsimikizidwa kuti chimagwira ntchito, chinali gulu la anthu anayi kapena asanu atazungulira nkhalamba imodzi. Kufika kwathu kuno gulu lija lidatsala m'njira, kudafika mndandanda wa malamulo wokha.

Wodwala wa kuno ndi wosiyananso ndi wa ku St. Louis. Kafukufuku wa THESUS-HF, amene adatsogolera ndi Albertino Damasceno wa ku Maputo ndipo adatuluka mu 2012, adaona odwala 1,006 m'maiko 9 a mu Africa. Zaka zawo, kuziphatikiza n'kugawa, zinali pafupifupi 52. Chimene chidafooketsa mitima yambiri chinali BP, pafupifupi 45 peresenti, ndipo ena ambiri anali ndi matenda a mnofu wa mtima kapena mavavu oonongeka chifukwa cha zilonda za pakhosi zimene sizidachizidwe ali ana. Kuno ku Malawi kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 adapeza kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Munthu wa zaka 52 si wopuma pantchito. Ndi amene akulima, akutunga madzi, akulera zidzukulu ndi kulipira fizi. Kumuuza kuti apumule ndi kumuuza kuti banja lisadye.

Nditabwerera kunyumba ndi azakhali ndinayamba kuyang'ana tsiku lawo ndi maso ena. Nkhani ya mchere, mwachitsanzo. Bungwe la WHO limati munthu asapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi kosadzadza. Koma mphika wa ndiwo pakhomo ndi umodzi, ndipo odya ndi asanu ndi awiri. Nsima ilibe mchere. Imatsetsereka chifukwa cha ndiwo, ndipo ndiwo zikachepa, mchere ndi umene umazitalikitsa kuti zikwanire mitanda yonse. Kuphika poto wachiwiri kumafuna nkhuni zina, tomato wina, mafuta ena. Palibenso amene adawauza kuti soda wothira m'therere ndi tizokometsera ta m'mapaketi tili ndi chinthu chomwecho chimene chili mumchere. Iwo adasiya kunyunya mchere wapambale n'kumaganiza kuti amvera.

Ndiye pali chinthu chimene kuchipatala sichikambidwa. Miyendo itayamba kutupa, akuluakulu ena a m'mudzi sadaganize za mtima. Adaganiza za tsempho. Pachikhalidwe chathu mchere si chokometsera chabe. Ndi njira imene munthu wotentha angadulire wozizira, n'chifukwa chake mayi amene ali kumwezi ankaitana kamwana kuti kathire mchere m'ndiwo. J. W. M. van Breugel adalemba zambiri za mdulo m'buku lake lonena za chipembedzo cha Achewa. Zizindikiro zake anthu amati ndi kutupa miyendo ndi nkhope, kupweteka m'chifuwa ndi chifuwa chosatha. Aliyense amene waona mtima wofooka azindikira mndandanda umenewu. Chimandidabwitsa n'chakuti makolo athu ndi madokotala a ku Paris onse adaloza mchere pa nkhani ya kutupa, koma adasiyana pa funso. Widal ankafunsa kuti wochuluka bwanji. Kwathu amafunsa kuti wathira ndani. Ndipo funso lachiwirili lili ndi mtengo wake: miyezi iwiri idapita banja likukambirana za khalidwe la amalume, amuna awo a azakhali, m'malo mokwera minibasi. Dokotala akangoti "chepetsani mchere" osafunsa chimene wodwala akuganiza kuti chamutupitsa, awiriwa akhoza kugwirizana pa mawu koma akunena zinthu zosiyana.

Piritsi lokodzetsa nalo lili ndi zake. Amati dzina lakuti Lasix lidachokera pa mfundo yakuti mphamvu yake imakhala maola asanu ndi limodzi. Maola amenewo munthu amafuna chimbudzi pafupi. Tsiku la maliro, pamene azakhali ayenera kukhala pansi ndi amayi anzawo kuyambira m'mawa mpaka kumanda, samwa. Lamulungu samwa mpaka mapemphero atatha, ndipo nthawi zina amaiwaliratu. Tsiku lopita kuchipatala lenilenilo samwa, chifukwa palibe kondakitala amene angaimitse minibasi katatu. Ndiye amafika kwa dokotala atatupa kuposa masiku onse. Si umbuli umenewu. Ndi munthu amene wayeza manyazi ndi phuma n'kusankha. Onjezerani mwezi umene kuzenera la mankhwala anauzidwa kuti enalapril watha, akagule okha, ndalama yake ili yomweyo ya thiransipoti ya ulendo wotsatira. Onjezeraninso kuti matenda amene tidazolowera ndi onga malungo: umamwa LA masiku atatu, wachira, wasiya. Miyendo ikaphwa, kupitiriza kumwa mankhwala kumaoneka ngati kuwononga. Ndipo thupi likayamba kudzadza madzi pang'onopang'ono, anthu a kutchalitchi amawayamikira kuti anenepa, akuoneka bwino.

Wina atha kunena kuti Amalawi sitidziwa kusamala matenda a mgonagona. Mbiri ya dziko lathu lomwe ikukana zimenezo. Mu 2004 boma lidayamba kupereka ma ARV aulere m'zipatala zake, ndipo panali anthu kunja amene ankakayika ngati munthu wa kumudzi wopanda wotchi angamwe mankhwala nthawi yake tsiku lililonse moyo wake wonse. Lero anthu ambirimbiri akumwa, ena kwa zaka 20. Sizidatheke chifukwa chowakalipira. Munthu asadayambe mankhwala ankakhala pa maphunziro a pagulu, ankabwera ndi womuyang'anira wa m'banja, ankakhala ndi khadi lake kuchipatala, mapilitsi otsala ankawerengedwa, akasowa ankalondoledwa kumudzi, ndipo anzake omwa mankhwala omwewo ankamulimbikitsa. Koposa zonse, mankhwalawo ankapezeka. Limeneli ndi gulu lija la ku St. Louis, lomangidwa ndi zipangizo zathu.

Ku Neno adaona zimenezi. Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo adatsegula khomo la kiliniki ya HIV kuti odwala BP, shuga, khunyu ndi mphumu azilowera pomwepo, kutsatidwa mofanana ndi kuyenderedwa ndi azaumoyo a m'mudzi. Pambuyo pake adatsegula makiliniki a PEN-Plus a matenda aakulu monga mtima wofooka, momwe makiliniko ofesala ndi anamwino ophunzitsidwa amaunika mtima ndi makina pachipatala cha boma laling'ono, osadikira ulendo wa ku Blantyre. Mu Ogasiti 2022 nduna za zaumoyo za m'chigawo cha Africa cha WHO zidavomereza njira ya PEN-Plus pamsonkhano wa ku Lomé. Kwathu sinafike.

Ngakhale lamulo la mchere lija, limene lidapangitsa azakhali kupepesa, akatswiri akulikambiranabe. Mu 2022 kafukufuku wa SODIUM-HF, pa odwala 806 m'maiko 6, adayerekeza amene adachepetsa mchere kwambiri ndi amene adangolandira uphungu wa masiku onse. Patatha chaka panalibe kusiyana koonekeratu pa imfa kapena kugonekedwa, ngakhale ochepetsa kwambiri aja ankati akumva bwinoko pang'ono. Ndisanamizire: anthu a m'kafukufukuyu ankadya kale mchere wosachuluka, choncho sizikutanthauza kuti wodwala mtima azithira mmene akufunira. Koma zikundiuza kuti pa malamulo atatu aja, limene lili ndi umboni wolimba kwambiri ndi la mankhwala, ndipo limeneli ndi limene limadalira kwambiri zenera la kuchipatala kuposa mtima wa wodwala. Timalimbikira kukalipira pa lamulo limene ndi losavuta kumuimba nalo mlandu wodwala.

Za sikelo tinayesa. Pamsika wa kwathu pali mnyamata wogula soya ndi mtedza amene ali ndi sikelo yoponda, ndipo anavomera kuti azakhali azikwerapo Lachiwiri ndi Lachisanu. Zinayenda mwezi umodzi, mpaka nyengo yogula mbewu itatha iye n'kusamukira kwina ndi sikelo yake. Ndiye azakhali anapeza njira yawo. Ali ndi nsapato yapulasitiki ya lamba imene amavala popita kutchalitchi, ndipo m'mawa uliwonse amaiyesa. Lamba akalowa pabowo lachitatu, zili bwino. Akakana, n'kufuna lachiwiri, amatuma mdzukulu kukaitana wakabaza. Ndinawalembera zimenezi kumapeto kwa kabuku kawo kuti akaonetse kuchipatala, ndipo amene anawaona mwezi wathawu akuti anawerenga, anaseka, n'kulemba pansi pake kuti apitirize. Enalapril analipo ulendo umenewo, wa masiku 30. Tsiku lawo lobwerera ndi la pa 14, ndipo ndalama ya minibasi ndatumiza kale pafoni ya amalume.